Sizasi ya Sumaiya Yayamba Kukoka Singano

Achimwene anga a Yasin,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Lisungwi tilipo, ntchito yosoka ikuyenda.

Mukukumbukira zimene malemu mwana wanga Sumaiya ankaphunzira kuyunivesite? Ankati mphamvu ya maginito m'chitsulo imakhala yokhazikika kapena yoyendayenda. Akuti amayeza chitsulocho chili chozizira, n'kuchiyezanso chitatentha. Manambala akagwirizana, mphamvuyo ndi yokhazikika. Akasiyana, ndi yoyendayenda.

Tsono sizasi imene anasiya yayamba kukoka singano zanga. Ndayeza masiku asanu ndi anayi, osadumphitsa. M'mawa imanyamula zitatu. Ndikayiika padzuwa, masana imanyamula zisanu ndi ziwiri. Manambala akusiyana, achimwene.

Mayi ake sindinawauze. Chonde bwerani msanga, tikachite duwa yomupempherera kumanda kuja.

Ndine mng'ono wanu,
Imran