Apongozi akuti injini ya minibasi ndi imene ikundidwalitsa

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, wapabanja, wa ana awiri, ndipo ndimayendetsa minibasi ya ku Ndirande. Ee, mwawerenga bwino. Sindine kondakitala, ndine dalaivala. Ngati munakwerapo kuchokera pamsika kupita m'tauni nkuona mzimayi wa duku lobiriwira ali pa chiwongolero, ameneyo ndi ine. Chaka chino ndi chachitatu ndipo sindinagundepo ngakhale nkhuku. Layisensi ndinakhoza ndekha, osalowera khomo lakuseri.

Ndayamba ndi kudzitama mwadala, kuti mudziwe chimene ndatsala pang'ono kutaya.

Tsiku limene a Hamudi, eni ake galimotoyi, anandipatsa makiyi, azibambo a pa siteji anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina ananena mokweza kuti ndimve: "Ya amayiwa mukwere ngati simukufulumira. Aziima paliponse kufuna chimbudzi." Mawu amenewo anandilasa. Ndinalumbira chamumtima kuti palibe adzandione ndikutsika kukataya madzi. Ndipo Aphungu, ndinakwanitsa. Ndikakhala pampando m'mamawa, kutsika ndi madzulo poimika galimoto. Chakudya amachita kundipatsira pawindo. Omwe ankandiseka aja lero amanditchula kuti Anasatsika, ndipo amatchula mwaulemu. Oitanira akakuwa kuti "Ya Anasatsika iyi, yonyamukanyamuka!" anthu amasiya zina nkuthamangira yanga. Atsikana a sukulu amalimbirana mpando wakutsogolo kuti aone mmene ndimalowetsera giya. Dzina limeneli ndinalikhetsera thukuta ndipo ndimalinyadira.

Mudziwenso mmene pa siteji pamakhalira. Timaima pamzere. Ukangochoka nthawi yako yopakira ili pafupi, a kumbuyo amakudumpha, iwe nkubwerera kumchira. Anzanga aamunawa siziwavuta. Amangozungulira kuseri kwa galimoto, kuyang'anizana ndi tayala, basi zatha. Ine chimbudzi cholipira chili kutali, ndipo mmene chimaonekera ikamakwana masana ndisakuuzeni, mwina mukuwerenga kalatayi mukudya. Ndiye ndinapeza njira yanga yosavuta: sindimwa madzi. M'mawa tiyi kapu imodzi, masana kachakumwa ka enaji kothamangitsa tulo, madzi ndimakamwa ndikafika kunyumba.

Vuto langa nali. Chiyambire chaka chatha ndikudwaladwala matenda amodzimodzi. Pokodza pamawotcha ngati pathiridwa tsabola. Ndimamva kuti mkodzo wandigwira kwambiri, koma ndikapita kumangotuluka timadontho ta mtundu wa tiyi, tonunkha. Pachinena pamalemera. Maenje a mumsewu, amene kale sindinkawalabadira, tsopano ndimawamva lililonse palokha. Zikayamba ndimagula makapisozi pa golosale ina. Ndikamwa masiku awiri zimaleka, otsalawo nkusunga kuti adzandithandize ulendo wina. Pakangopita kanthawi zabweranso. Mwezi wathawu ndiye zinafika pena. Ndinatentha thupi, kunjenjemera, msana cha m'mbalimu ukuwawa, mpaka galimoto inagona kwa a Hamudi masiku angapo osayenda.

Apongozi anga aakazi anabwera kudzandizonda kuchokera ku Bangwe. Iwo anakwerapo minibasi yanga kamodzi, mpando wakutsogolo, ndipo anamva okha mmene pamatenthera, poti injini ya galimoto zimenezi imakhala pansi pa mpando. Ndiye mlandu anali ataugamula kale asanalowe m'nyumba. Anati: "Mwana wanga, munthu wamkazi kukhalira moto tsiku lonse? Injini ija ikukuphika mkati. Chiberekero chikapsa udzalira ndiwe. Ntchito imeneyo anapangira amuna." Anandisiyira mizu yoti ndiwiritse, ndizitsukira malo obisika mpaka mkati. Ndinatsukira chifukwa cha ulemu. Palibe chinasintha, kunangowonjezeka kuyabwa.

Amuna anga, a Henry, ndi amene anandiphunzitsa kuyendetsa, pa bwalo la mpira Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Paukwati, pamaliro, paliponse amanena kuti "akazi anga ndi dalaivala" ngati angowina chikho. Koma nawonso ayamba kugwedezeka. Tsiku lina anandikhazika pansi nkunena kuti: "Amake Mirriam, ndimakunyadirani, koma ine ndikufuna mkazi wamoyo. Mwina amayi akunena zoona." A Hamudi nawo sanabise mawu: "Mayi, galimoto mumaisamala kuposa onse amene anaigwirapo. Koma ikagonanso chifukwa cha matenda, makiyi ndipereka kwa wina."

Aphungu, sindinalembe kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna zoona zokhazokha. Kodi injini ingadwalitsedi mzimayi? Ngati ndi choncho, makiyi ndikabweza ndi manja angawa asanachite kundilanda. Koma ndikaganiza za azibambo aja akuwomba m'manja kuti "tinanena ife," mtima umandiwawa kuposa matendawo.

L.Y., Ndirande, Blantyre

Adalaivala,

Ndayamba ndi dzina limenelo chifukwa ndi lanu, ndipo sindikuona chifukwa choti mulitaye. Zaka zitatu mumsewu wa ku Ndirande, pakati pa akabaza, mavenda ndi ana odumpha msewu mosayang'ana, osagunda kanthu, si masewera. Ndine mzimayi mnzanu ndipo kalata yanu yandinyaditsa.

Funso lanu ndiliyankhe mosazungulira. Injini si imene ikukudwalitsani. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Amayamba tizilombo tikalowa m'njiramo nkukaswana m'chikhodzodzo. Amayife amatigwira kawirikawiri chifukwa njira yathu ndi yaifupi, komanso ili pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Amadwala aphunzitsi, anamwino, ogulitsa kaunjika, anthu oti injini sanaikhalirepo chibadwire. Kutentha kwa mpando kuli ndi mlandu waung'ono chabe: kumakutulutsani thukuta, madzi m'thupi nkumachepa. Koma chiberekero sichipsa ndi mpando wa galimoto. Apongozi anu amakukondani, kungoti apa aphonya.

Tsopano ndikuuzeni chimene simukufuna kumva. Amene akukudwalitsani ndi Anasatsika. Mkodzo ndi umene umatsuka njira ija, kukokolola tizilombo tisanakhazikike. Inu mwatseka mbali zonse ziwiri. Madzi simumwa, ndipo timadzi tochepa timene tilipo mumatisunga kuyambira m'mamawa mpaka madzulo. Mukudziwa bwino zimene zimachitika galimoto ikayenda radiyeta ili youma, ndipo ya a Hamudi simungayerekeze kuichita zotero. Nanga thupi lanu linalakwa chiyani? Bambo uja ananyoza tsiku limodzi ndi pakamwa pake, mwinanso anaiwala kalekale. Inu mwakhala mukumuyankha ndi chikhodzodzo chanu zaka zonsezi.

Yambani ndi kuchipatala, sabata yomwe ino, musadikire kuti zibwerenso. Akuchipatala muwauze kuti matendawa akubwerezabwereza, ndipo paketi ya makapisozi mwakhala mukumwa aja mupite nayo akaione. Apempheni ayeze mkodzo kuti adziwe tizilombo take ndi mankhwala amene angatigonjetse. Ayezenso shuga, mimba ngati mukukayikira, komanso aone ngati si likodzo kapena matenda opatsirana pogonana, poti zizindikiro zake zimatha kufanana. Sindikuwanamizira kanthu a Henry. Ndikungofuna musamalimbane ndi mdani amene simunamuone nkhope. Mankhwala amene akakupatseni mukamalize monga momwe akakuuzireni, ngakhale mutapeza bwino mwamsanga. Za pa golosale zija zithere pomwepa. Kumwa mankhwala theka kumangolimbitsa tizilombo, ndipo tsiku lina mudzamwa osaona kusintha.

Mizu ya apongozi muilandire ndi manja awiri ngati mwambo ukutero, koma isafikenso kubafa. Malo obisika amafuna madzi oyera, kunja kokha. Sopo wonunkhira, mizu, mandimu ndi zonse zotsukira mkati zimawononga chitetezo chimene thupi lili nacho kale. Kuyabwa kuja ndi umboni wake.

Kenako madzi. Pezani botolo la malita awiri, likhale pafupi ndi giya, muzimwa pang'onopang'ono mpaka lithe pofika madzulo. Mkodzo ukamatuluka woyererako, osati wa mtundu wa tiyi uja, dziwani kuti mukumwa mokwanira. Ka enaji kaja chepetsani, kamanyanyula chikhodzodzo. Ndipo muzitsika, mayi. Maola atatu kapena anayi asamadutse musanataye madzi.

Ndikudziwa mufunsa kuti nanga mzere. Nthawi yabwino yotsika ndi pamene mwangotsitsa anthu, mukadali kumchira, osati yanu yopakira itayandikira. Pezani mzimayi wa saluni kapena malo odyera pafupi ndi siteji, ku Ndirande ndi m'tauni komwe, mugwirizane naye kuti muzigwiritsa ntchito chimbudzi chake. Ndikukayika ngati alipo angakanize mzimayi yemwe amamunyamula tsiku ndi tsiku. Mukatero pitani kwa atcheya a pa siteji mukawauze maso ndi maso kuti dalaivala akapita kuchimbudzi asamadumphidwe. Mwanena nokha kuti masiku ano amakupatsani ulemu. Ulemu umenewo si wongomvera m'makutu, ugwiritseni ntchito. Musadabwe azibambo ena achikulire pomwepo akakuthokozani chamseri, poti kuseri kwa tayala sikuthetsa zonse.

Pali tinanso tating'onoting'ono koma tofunika. Muziyenda ndi tishu, ndipo popukuta muziyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Valani panti wa thonje, osati taiti yothina pansi pa jinzi pampando wotentha ngati umenewo. Mukatha kukhala malo amodzi ndi bambo akunyumba, dzukani mukataye madzi, musachite ulesi kapena manyazi. Ululu ukavuta mukumwa mankhwala, botolo la madzi ofunda pachinena limathandiza. Mukachita zonsezi koma matenda nkumabwerabe, bwererani kuchipatala, chifukwa pali zina zimene angafufuze ndi njira zina zimene angakuthandizireni.

A Henry mupite nawo kuchipatalako akamve ndi makutu awo. Iwo ndi amene akafotokozere mayi awo, inu musalimbane ndi apongozi. A Hamudi musadikire kuti galimoto igonenso. Apezeni nokha, muwauze kuti chimene chimakuvutani mwachidziwa ndipo mukufuna tsiku limodzi lakuchipatala. Munthu amene wavomera ndi pakamwa pake kuti mumasamala galimoto kuposa onse sakufunitsitsa kukutayani.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo musalitenge mwachibwana. Kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza ndi kuwawa kwa m'mbali mwa msana zimasonyeza kuti mwina tizilombo takwera mpaka ku impso. Mwezi watha munafika pamenepo ndipo munachita mwayi. Zikadzabweranso, kapena mukadzaona magazi mumkodzo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo chiwongolero musachigwire, chifukwa kumbuyo kwanu kumakhala miyoyo ya anthu. Mumsika wa Ndirande mumapezeka sipeya wa chilichonse, koma impso simudzazipezamo.

Makiyi musabweze. Chimene mubweze ndi dzina lija la Anasatsika. Atsikana olimbirana mpando wakutsogolo aja sakuphunzira giya yokha, akuona zonse. Ena mwa iwo adzakhala pampando umenewo, ndipo musawasiyire lamulo loti mzimayi akakhala dalaivala sakodza. Azibambo aja munawayankha kalekale.

Tsiku lina ndidzakwera ya ku Ndirande. Ndikadzapeza pa chiwongolero palibe munthu, botolo la madzi lafika pakati, kondakitala nkunena kuti "adalaivala atsika pang'ono, akubwera," ndidzakhala pansi nkudikira. Wodandaula adzayambana ndi ine.

Aphungu