Mayina a omwalira asowa mu kompyuta yatsopano

Lachinayi, 30 Okutobala 2008

Lero kunatentha, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo. Kompyuta imene achimwene anatumiza kuchokera ku Joni yandizunguza mutu. Ndi ya mtundu wina, yosiyaniratu ndi yakale ija inawonongeka. Potsekera tsamba pali kumanzere, koma dzanja langa limangothamangira kumanja. Zinthu imasunga kumene ikudziwa yokha.

Dzulo ndinataipa mayina onse a omwalira, oti wansembe akawerenge m'tchalitchi Lamulungu, tsiku lokumbukira akufa. Anthu a m'midzi ya Mbungo, Khuyu ndi Yofu anawabweretsa pa timapepala. Nditamaliza ndinadzimva katswiri, timapepala tija n'kuyatsira mbaula. Lero ndatsegula kompyuta, mayina mulibe. Ndinafufuza paliponse mpaka magetsi anazima masana. Kaya sindinasunge, kaya abisala penapake, sindikudziwa. Foni ya achimwene sikupezeka, ndipo pachilumba pano palibe wina amene anagwirapo ya mtunduwu.

Chakumadzulo anafika amayi Estere a ku Yofu, ndodo ili m'manja.

"Mwanangu, dzina la amuna anga mwalemba?" anandifunsa. "Anafera ku Halale, manda awo sindinawaone. Dzina lawo ndimalimva tsiku limeneli lokha."

"Ndalemba, amayi," ndinayankha. Kunamiza munthu wamkulu maso ali gwa!

Atangochoka ndinalilemba m'kope ndi bolopeni, poti ndinali kulikumbukira. Limenelo lokha ndiye lilipo. Mawa ndilawirira wapansi ku Mbungo, khomo ndi khomo, kukafunsanso anthu mayina a abale awo. Koma ndikayamba bwanji kuwauza kuti timapepala tawo ndinayatsira moto...