Kabotolo ka fumbi lakuda

Lolemba, 3 Malichi

Kunabwera alendo ku labotale. Ine wotsuka mabotolo ndinangoima pa sinki, burashi m'manja. Adokotala anathira oyilo wa injini m'beseni la madzi. Kenaka Wamagalasi, mtsikana amene akuphunzira kwa iwo, anawazamo fumbi lake lakuda lija, tizitsulo tosalala kuposa phulusa. Atayandikitsa maginito, oyilo yense n'kumalondola ngati anapiye. Madzi mbee. Alendo m'manja.

Adokotala anati mtundu wina wa fumbilo, umene uli m'timabotolo ta madzi mufiriji, ukupha tizilombo tokana mankhwala. M'mbale zagalasi mokha, anatero, pa munthu sitinayese. Mawu onse awiri ndinawamva. Ndilembe zimenezi, ndinawamva.

Tizilombo tokana mankhwala. Ndi momwe ananenera namwino pakhonde la chipatala miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, pondiuza za bala la amake mwana, amene pano ndi malemu.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndatenga kabotolo kamodzi mufiriji muja. Kali m'thumba la jekete, kuseri kwa chitseko.

Lachitatu, 5 Malichi

Poweruka ndinadzera kwa alamu, achimwene a malemu. Chilonda chawo cha pamsongolo sichikupola. Atamasula nsanza, fungo lake lomwe lija. Ndinatulutsa kabotolo, ndinatsegula.

"Alamu, ndi mankhwala amenewo? Thirani, mwendo ndi wanga."

Dzanja linakana. Ndinaganiza, nanga ukatupa? Ndikaika m'manda anthu awiri a mimba imodzi? Ndinati ndi inki, ndasokoneza mabotolo.

"Inki! Mukufuna kundisayina pamwendo ngati kalata?" Anaseka mpaka kutsokomola. Ndawauza kuti mawa apite kuchipatala, asazengerezenso.

Kunyumba kabotolo ndakaika pawindo. Sindikufuna kukagwira.

Lachisanu, 7 Malichi

Zaululika. Timabotolo tinali khumi ndi tiwiri, Wamagalasi wapeza khumi ndi kamodzi. Kosowako n'kamene kanachita bwino koposa, kanamutengera miyezi inayi. Anakhuthula firiji, madilowa, ndi bini yomwe. Ine ndikukolopa pomwepo, kumuthandiza kusuntha mipando. Munthu wamkulu ine.

Adokotala salankhula mokweza, koma ndinamva. Makiyi a firiji ali ndi anthu atatu: iwo, mtsikanayo, ndi ine chifukwa ndimapukutamo. "Bambo awa zaka khumi ndi zisanu, sanatengepo ndi chidutswa cha sopo chomwe." Choncho zonse zagwera mwana wa eni. Akuti aka n'kachiwiri kusasamala, mwezi watha anaswa chipangizo. Lolemba akambirana ngati apitirize nawo ntchitoyi kapena ayi.

Potuluka, Wamagalasi anandipepesa. "Pepani bambo, ndakubalalitsirani pomwe munakonza kale." Maso ofiira kuseri kwa magalasi. Ndinayankha kuti palibe kanthu. Palibe kanthu!

Loweruka, 8 Malichi

Ndinakonza zolawirira Lolemba, kukabwezera kumbuyo kwa shelefu, kapezeke ngati kanangogwera. Ndikayang'ana pawindo, fumbi lasanduka lofiirira ngati dzimbiri. Chivindikiro sindinamange bwino, ndiye dzuwa la masiku atatu. Ndakhutchumula, osasintha. Ndayandikitsa sipikala ya wailesi, likulondolabe maginito, koma mtundu wapita.

Ndikakabwezera chonchi adzati ndi iye anasiya osatseka. Ndikakataya m'chimbudzi palibe adzadziwe. Ndinafika nako mpaka pakhomo la chimbudzi, n'kubwerera nako.

Amake mwana akanakhalapo akanangondiyang'ana. Ankatero.

Lamulungu, 9 Malichi

Ku tchalitchi sindinapite. Ndachapa jekete, ngati ndiyo inalakwa.

Lolemba, 10 Malichi

Wamagalasi ndinamupeza ali yekha, akulongedza mabuku ake m'katoni asanaitanidwe n'komwe. Ndinaika kabotolo patebulo. Anakanyamula, kuyang'ana nambala imene analemba yekha, kenaka ine.

"Mwakapeza kuti?"

"Sindinakapeze, mayi. Ndinatenga ndine."

Sindinamutchulepo mayi chiyambire. Anakhala pansi. Ndinafotokoza za malemu mwachidule, ndi za alamu. Ndinkadikira kuti alalate. Funso lake linali limodzi: "Munathira pa munthu?" Ndinati ayi. Anafunsanso, "Bambo, ndiuzeni zoona, ngakhale kadontho?" Ndinati ayi. Anapumira m'mwamba.

Kenaka mawu anauma. "Lachisanu munandithandiza kusuntha mipando."

 

Anati mukanena nokha kapena ndinene ndine? Ndinati ndekha. Ndinagogoda kwa Adokotala kabotolo kali m'manja. Anandimvetsera osandidula, akusisita pachipumi. Anati anandiikira kumbuyo pamaso pa mwana, tsopano manyazi agwira iwo. Zanga aziona ndi akuluakulu sabata ino. Pakadali pano ndizikolopa m'makonde, mu labotale ndisalowe. Makiyi ndinawachotsa ndekha pa lamba.

Lachiwiri, 11 Malichi

Alamu awagoneka kuchipatala, akuti mwendo saudula.

Katoni ya Wamagalasi ndaiona m'bini, mabuku abwerera pa shelefu. Ndinasuzumira pagalasi la chitseko: akutsuka yekha mabotolo pa sinki yanga, kuti ayambirenso. Burashi wagwira yolakwika, ija yaikulu imene imakanda m'kati.

Ndinagogoda pagalasi. Anatembenuka, osamwetulira. Ndinaloza dilowa yachiwiri. Anaima kanthawi, manja akudontha thovu. Kenaka anatsegula dilowayo, n'kutulutsa kaburashi kakang'ono, kundionetsa. Ndinagwedeza mutu kuti komweko.

Chitseko sanatsegule. Ndinapitiriza kukolopa.