Mbale yachiwiri ya Lawson

Okondedwa achemwali anga a Sakina,

Assalamu alaikum. Muli bwanji kumeneko ku Senga Bay? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine kuno ku Durban ndili bwino, alhamdulillah, ndipo ntchito ya ku fakitale ya matayala ikuyenda. Koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira a Mustapha amene akukwera basi Loweruka, chifukwa nkhaniyi si ya pa foni.

Mukumukumbukira Lawson, mwana wa a Tionenji a ku Chinguluwe, amene ndimakhala naye chipinda chimodzi? Ali m'chipatala. Anagwa kuntchito sabata yatha, madokotala akuti ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zafooka, mawu akutuluka movutikira. Koma moyo ulipo.

Kumayambiriro kwa chaka anamuuza ku kiliniki kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, achepetse mchere ndi zokazinga. Ife kuno timaweruka titatheratu, ndiye chakudya chathu chinali tchipisi ndi soseji zogula pamsewu. Lawson anayamba kuonera pa foni kaphikidwe ka supageti ndi nkhuku, zoti munthu akaweruka aphike msanga asanagone pampando. Ankasenda khungu la nkhukuyo, n'kuiduladula, mafuta kasupuni kokha, adyo, matimati, sipinachi pamwamba. Tsiku lina makaroni, tsiku lina kufinyiramo ndimu. Poyamba zinkamukanika, supageti ankasanduka phala, koma anafika pozidziwa ndithu moti fungo linkaitana aneba.

Nthawi zonse ankapakula mbale ziwiri. Ine ndinkamuseka, achemwali. Ndinkati mwana wa mlimi wa mpunga wayamba kudya nyongolotsi za azungu, ndiponso kuti chakudya chosakolera mchere n'cha odwala. Ndinkanamiziranso kuti sindikudziwa amene wazinga nkhukuyo. Iye ankangovundikira mbale yangayo, m'mawa n'kupita nayo kuntchito. Kenako anatopa kudya yekha. Ananena kuti kuphikira munthu mmodzi n'kuwononga magetsi, ndipo anabwerera ku tchipisi pamodzi ndi ine. Tsiku limenelo ndinasangalala kuti mnzanga wachangamuka.

Dokotala akuti sitinganene kuti chamugwetsa n'chakudya chokha. Ndamva, koma sizikunditonthoza.

Lachiwiri ndinati ndimuphikire chakudya chake chija, chifukwa chakudya cha m'chipatala akuchikana. Ndinapita kwa Msomali wina amene amagulitsa nyama ya halali, kutali ndithu ndi kwathu. Atamva kuti ndine Mmalawi, anandifunsa za mnyamata wamtali amene ankabwera kudzagula nkhuku, n'kumanena kuti iye ndi Mkhristu koma m'bale wake amene amadya naye ndi Msilamu. Anadabwa kuti bwanji anasiya kubwera. Achemwali, pafupi ndi nyumba yathu pali sitolo ya nkhuku zotchipa, koma munthu uja ankaidutsa, atatopa, chifukwa cha ine.

Tsopano ndikuphika ndine madzulo aliwonse, kutsatira mavidiyo a mu foni yake. Ndikaweruka ndimatereka madzi ndisanavule nsapato, n'kuthamangira kuchipatala nthawi yoona odwala isanathe. Ndimamudyetsa ndi supuni. Dzulo anadya bwino, ndipo anayesetsa kundiuza kuti adyo ndachulutsa. Namwino wandiyezanso ine, akuti nanenso magazi akwera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pempho langa ndi limodzi. Mukwere kabaza mupite nokha ku Chinguluwe mukawauze a Tionenji. Asamve kwa anthu a m'basi kapena pa foni, paja iwonso ndi ofooka. Mukawapeza kumunda wa mpunga, muyambe mwabwerera nawo kunyumba, akhale pansi. Musakawabisire kanthu, koma mukayambe ndi mawu oti ali moyo ndipo akudya. Akayamba kuyenda, inshallah, ndidzabwera naye ndekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Sulaiman, kwa amalume, ndi kwa Raisa ndi ana onse. Amayi musawauze za magazi angawa, ndidzawauza ndekha.

A Tionenji akakafunsa ngati mwana wawo ali ndi womusamalira kuno, mukawauze kuti alipo, ngakhale wachedwa.

Ndine mlongo wanu,
Binali