Ng'ombe imene amayi ankafuna

Lamulungu, 4 Febuluwale

Kutentha koopsa, mzinda wonse wa Lima ngati m'chiwaya. Amayi ayambanso ija ya ngau. Chiyambire m'mawa ali pampando wawo wa pazenera, "Aa ngau, aa ngau," maso ali kukhomo.

Chisipanishi chikuwathawa. Chatsala ndi "zikomo bambo" ndikamawapatsa mankhwala, poti kwa iwo tsopano ndine bambo winawake waulemu amene amapezeka m'nyumba muno. Zina zonse akulankhula Chikantoni, Chitchaina cha kwawo. Nanga changa Chikantoni si cha m'mbale basi: kai ndi nkhuku, min ndi talarini (sipageti wathu wa kuno), ngau ndi ng'ombe, mou ndiye kuti palibe. Sukulu ya Loweruka imene ankanditumiza ija ndinkaithera kumpira. Lero ndi izi.

Ndiye akufuna ng'ombe. Munthu woti sanaikepo ng'ombe m'kamwa chiyambire ine ndili ndi zaka zitatu.

Lolemba, 5 Febuluwale

Mlongo wanga Charo anadzera kuno poweruka. Anangowamva kamodzi, basi mlandu waweruzidwa.

"Apatseni, achimwene. Lachisanu ndi mgonero wa Chaka Chatsopano cha Atchaina, muphike talarini wa ng'ombe uja ankaphika ababa, watsabola. Adye, asangalale."

"Nanga lonjezo?"

"Lonjezo lake liti? Mwini wake analiiwala, inu ndi ndani, mlembi wa kumwamba?"

Kulankhula n'kosavuta kwa iye. Sanalonjezere iye. Ine ndi amene ndinagona ndi taifodi mpaka adokotala kupukusa mutu, amayi n'kugwada pamaso pa kafano kawo ka Kuan Yin, mulungu wamkazi wa chifundo, n'kulumbira kuti mwanayu akadzuka sadzadyanso ng'ombe moyo wawo wonse. Ndinadzuka. Ababa ankaikamba nkhaniyi chaka chilichonse padenga poyanika zovala, pamene ankaphikira ng'ombeyo, chifukwa ng'ombe m'khitchini mwa amayi sinkalowa. Anali ndi chiwaya chawochawo pamwambapo ndi kambaula kawo. Ife kumanyambita zala padenga, amayi pansi ndi mbale ya masamba, osadandaula ngakhale tsiku limodzi.

Ndinamuuza Charo kuti ndiganiza. Akuti ndimaganiza ngati basi ya ku Callao, kuima paliponse osafika.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Makina osokera atatu ku Gamarra, kwa matelala, amodzi ofunika kungowataya koma mwini wake akuti ndi a malemu akazi ake. Ndawakonza.

Nkhomaliro ndadya ya ng'ombe, ngati masiku onse. Kenaka chingamu pobwera kuti amayi asamve fungo. Munthu wa imvi zake kumatafuna chingamu ngati wasuta fodya kuseri kwa sukulu. Iwo zaka zonsezi akudzimana chifukwa cha ine, ine n'kumakhuta. Lero ndasiya theka m'mbale.

Ndapeza nzeru: nkhumba. Kuidula mopyapyala, kuiviika mu siyawu, msuzi wakuda wa soya uja, mpaka ide, tsabola wambiri. Adzadziwa bwanji munthu woti anaiwala dzina langa? Iwo akhutira, lonjezo likhala. Aliyense wapambana.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Mapanga awiri avumbwitsa. Ndavumbwa.

Ndinaphika bwinobwino madzulo, n'kuwaikira mbale patsogolo. "Ngau, amayi. Nayi ngau." Anayang'ana mbale, anayang'ana ine, anayang'ana kuseri kwanga ngati pali wina akubwera. Anatola kachidutswa ndi timitengo todyera, kutafuna kawiri, n'kukaika pambali pa tebulo mwaulemu. Lilime silinaiwale ntchito yake. Kenaka anandigwira malaya. "Aa ngau? Aa ngau?" Kukoka ndithu, mpaka batani kuduka, dzanja lina likuloza kukhomo. Ndinaganiza kuti akundituma kumsika.

Ndinali nditatopa. Sindikudziikira kumbuyo, ndikungolemba. Thukuta, utsi wa tsabola m'maso, batani likugubuduka pansi. Ndinakuwa, ine, kukuwira amayi anga, ndi timawu tanga tiwiri tija:

"Mou ngau! Mou!"

Anandisiya malaya pang'onopang'ono. Sindinaonepo nkhope ya munthu ikugwa chonchija. Sanalire nthawi yomweyo. Kenaka kulira kunatuluka, kochokera m'mimba, kumene sindinakumve ngakhale pamaliro a ababa. A Dominga a nyumba yoyandikana, amene amakhala nawo masana, anathamangira kuno ndi sopo m'manja. "Mwawatani, a Wilfredo?" Ndinati sindinawatani. Bodza lachiwiri tsiku limodzi.

Zonsezi chifukwa cha nyama?

Lachinayi, 8 Febuluwale

Sanadye. Phala la mpunga akana, tiyi akana. A Dominga akuti masana anangomwa madzi pang'ono n'kutembenukira kukhoma. Sakutchulanso ngau. Sakutchula chilichonse. Bola akanamandikoka malaya.

Ndinapita kumsika waukulu ndisanasinthe maganizo. A Eleuterio ogulitsa nyama atandiona anaika mpeni pansi.

"Mtchaina, wasochera? Nkhumba ili mzere winawo."

"Ndipatseni yofewa ya kumsana."

"Ya kunyumba kwa mayi ako, mayi Siu? Dziko latha! Ndiye ndikutsatire ndi wansembe kapena ndi wapolisi?"

Ndinaseka nawo, koma phukusi ndinalinyamula ngati ndaba. Ku Capón, msewu wa masitolo a Atchaina, ndagula talarini wa mazira wamtali, jinja, anyezi wa masamba. Tsabola wa limo, wofiira uja woluma ngati mavu, ndi wachikasu wa fungo.

Chiwaya cha ababa chinali padenga pomwepo, kuseri kwa thanki ya madzi, dzimbiri lokhalokha, nkhunda zitachisandutsa chimbudzi. Ndachikwecha, ndachiwotcha, ndachipaka mafuta a nkhumba katatu mpaka chada. Dzanja langa likukwana bwino pamene chigwiriro chinaperepeseka ndi dzanja lawo.

Charo waimba kuti mawa abwera ndi azakhali a Sau Lan. Si azakhali enieni, ndi mnzawo wa amayi wa mudzi umodzi kwawoko, anabwera chaka chimodzi ndi amayi kudzakwatiwa kuno. Mwendo unawavuta, papita nthawi osafika. Ine sindinalimbikire kukawatenga, ndivomere. Amanditcha nsungwi, akuti kunja ndine Mtchaina koma m'kati ndi mphako. Ndinati Charo, uwasiye apume. Akuti, "Mukuopa kuti akakuonani mukupatsa amayi ng'ombe, eti?" Ndinadula foni.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Masana. Ndalemba izi manja akununkha adyo.

Nyama ndaidula mopingasa minyewa, yopyapyala, ili mu siyawu ndi jinja ndi kaufa ka mbatatesi. Ndasesa nyumba yonse poti mawa ndi Chaka Chatsopano, sitisesa. Malalanje pa shelefu ya Kuan Yin, lubani ndayatsa. Kenaka ndinakatembenuza kafanoko kuti kayang'ane kukhoma. Ndinapita kukhitchini, n'kubwerera, n'kukatembenuzanso. Ngati ndikulakwa aone, asadzamvere kwa ena.

Ndamuuza Kuan Yin chamumtima kuti ngati pali chilango chibwere kwa ine. Ndine amene ndinapindula.

Amayi lero supuni ziwiri za phala basi.

Loweruka, 10 Febuluwale

Kunja ng'oma za ovina mkango zayamba kale ku Capón. Ndilembe zadzulo ndisanaiwale kalikonse.

Anafika dzuwa lisanalowe. Azakhali ndinawanyamula pamasitepe, opepuka ngati mtolo wa zovala, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Nsungwi, wanenepa. Ukudya chakudya cha amako?"

"Takulandirani, azakhali."

"Usandilandire, undikhazike bwino, ukundipweteka nthiti."

Amayi sanawazindikire. Anangowayang'ana n'kubwezera maso pansi. Amayiwo tinawakhazika patebulo atavala bulauzi yawo yofiira, imene tsopano ikuwakhala ngati yobwereka.

Ndinakwera padenga kukaphika. M'khitchini mwawo ayi, pamenepo pokha sindikanatha. Moto wonse, mafuta mpaka utsi. Nyama tswee, osaigwedeza kaye, ipse m'mbali monga ankanenera ababa, "usaisokoneze, si mkazi wako." Kuichotsa. Anyezi wodula mokulakula, adyo, tsabola onse awiri, ndinatsokomola mpaka misozi. Tomato pang'ono. Talarini wathunthu osadula ndi mmodzi yemwe, kuti moyo utalike. Nyama kubwerera, siyawu m'mbali mwa chiwaya, kuponya m'mwamba, lawi kulowa m'kati n'kutuluka. Fungo lake linali la ababa ndendende. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinatsika masitepe ndikukondwa, ndi mbale yokathyola lonjezo la amayi anga.

Azakhali ananunkhiza ndisanafike n'komwe patebulo.

"Chimenecho n'chiyani?"

Charo anayankha msanga. "Ng'ombe, azakhali. Akhala akuipempha okha sabata yonse."

"Ndani? Awa? Mwapenga nonse awiri?"

Ndinawapakulira amayi. Anayang'ana mbale nthawi yaitali. Kenaka anatenga timitengo, n'kutola kachidutswa ka nyama. Sanapite nako kukamwa. Anakaika m'mbale mwanga. Kena. Kenanso. Kutola konse mpaka kakang'onong'ono kobisala pansi pa anyezi, monga ankachitira ku maukwati a anthu ife tili ana. Atamaliza anaika timitengo pansi, osadya, n'kuyamba kulankhula motsitsa, mawu ambirimbiri, misozi ikutsika. Ine ndinangotolamo awiri anga aja, ngau ndi mou.

Azakhali anawerama kumvetsera. Anafunsa kanthu, amayi anayankha. Ndinaona nkhope ya azakhali ikusintha. Anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Iwe. Ndani wawauza kuti mwana wawo wamwalira?"

"Mwana wake uti?"

"Akuti akhala akufunsa A-Ngau ali kuti, palibe wowayankha. Akuti kenaka bambo wa m'nyumba muno anawakalipira kuti A-Ngau kulibe, anatha."

Charo anati, "A-Ngau ndiye ndani?"

Azakhali anamenya tebulo mpaka timitengo kudumpha. "Ndi uyu! Chimphako ichi! Sanakuuzeni abambo anu? Nthawi ya taifodi ija tinamusintha dzina, tinamutcha Ng'ombe, kuti matenda akabwera kudzafuna mwana apeze chiweto, apitirire. Atachira tinalitaya dzinalo kuti lisaitanenso zoipa. Mukuganiza kuti analumbirira ng'ombe chifukwa chiyani, osati nkhuku? Munthu angadye dzina la mwana wake?"

Ine ndinali kuona batani lija likugubuduka, dzanja lawo likuloza kukhomo. Sankandituma kumsika. Ankandipempha ine, bambo waulemu wa m'nyumba muno, kuti ndikawatengere mwana wawo wodwala. Ndipo ine ndinawauza, m'chilankhulo chawo chomwe, mawu awiri okha amene ndinakwanitsa kulumikiza moyo wanga wonse.

"Azakhali, auzeni kuti ndinalakwitsa. Auzeni kuti..."

"Ndiwauze ine? Pakamwa ulibe? Gwada apo."

Ndinagwada pambali pa mpando wawo. Azakhali anandipatsa mawu limodzilimodzi ngati mwana wa mkaka, ine kubwereza, iwo kundikonza, "Osati choncho, ukunena kuti ndiwe tsekwe!" Charo kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kachitatu ndinatchula bwino. Ngo hai A-Ngau. A-Ngau ndine.

Amayi anandiyang'ana. Imvi zanga, magalasi, ndevu zosameta. Sindikudziwa chimene anaona, sindinama kuti anandizindikira. Koma anakweza dzanja, n'kuika kuseri kwa chikhatho pachipumi panga. Ndinali nditanyowa thukuta la chiwaya ndi tsabola. Anagwira pachipumi, anagwira m'khosi, anabwereranso pachipumi. Ananena kanthu kakafupi kwa azakhali, osati kwa ine.

"Akuti chiyani?"

Azakhali anapukuta mphuno ndi kansalu kawo. "Akuti watuluka thukuta. Kutentha kwatsika."

Amayi anakankhira mbale yanga ya nyama ija pafupi ndi ine, n'kugogoda m'mphepete mwake ndi chala kawiri. Chimenecho sichinafune womasulira. Ndinadya ndili chogwada pomwepo, iwo akundiyang'anira pakamwa. Nditameza kachidutswa kachitatu anatenga timitengo tawo, n'kupempha Charo ndi maso kuti awayandikizire phala lawo la mpunga.