Makapu a Amayi Loweruka

Lolemba, 9 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kutali komweko, inu ndi alamu anga. Kuno tilipo, kungoti mawondo a amayi ndi omwe aja.

Nkhani yabwino ndi yakuti bungwe lija tinkalilembera lavomera kuthandiza gulu lathu la amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Uthenga utafika tinavina mpaka aneba kudzasuzumira, amayi akuomba m'manja ali pampando. Mukudziwa inu kuti chimwalirireni bambo, chimene chimawapatsa mphamvu ndi misonkhano yathuyi, imene takhala tikuchitira pabalaza pawo Loweruka lililonse.

Koma a bungwe anati tikhale ndi ofesi yeniyeni, ya chikwangwani. Ine ndi phuma langa lija ndinapeza chipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato, masitepe ake ngati makwerero. Za mawondo a amayi sindinaganizeko n'komwe.

Ofesi yokongola, achemwali! Mipando yatsopano, kompyuta, ngakhale fani. Koma anthu ankangokhala duu, ngati ali pamzere kuchipatala. Ndikafunsa kuti, "Ali ndi dandaulo ndani?" onse maso pansi. Mpamene ndinazindikira kuti kunyumba kuja munthu sankaulula mavuto ake pamsonkhano ayi. Ankaulula kukhitchini, akutsuka makapu ndi amayi, nkhope italoza kukhoma. Za bwana womana tchuthi, za bwana wa manja osakhazikika, zonse zinkatulukira pasinki paja, kenako amayi n'kutinong'oneza kuti tithandize.

Loweruka lina ndinadzera kunyumba pochokera ku ofesi. Ndinapeza makapu onse atayalidwa patebulo, tiyi atazizira, amayi atavala diresi yawo ya misonkhano.

"Amayi, mukuyembekeza alendo?"

"Ayi mwanangu, ndimangowapukuta fumbi."

Mtima unandipweteka, sindinama. Ndinaonanso kuti diresiyo yayamba kuwakulira.

Nditawafotokozera anzanga, a Mkokomo, mayi wochapa zovala wa mawu aakulu uja, anandikalipira. "Iwe, kodi chikwangwani chakocho chinamera mizu?" Ndinamuimbira mayi wa ku bungwe kumuuza kuti tikufuna kubwezera misonkhano kunyumba kwa amayi, mtima uli m'mwamba, kuopa kuti atilanda thandizo lonse. Anabwera yekha kudzaona. Amayi, osafunsa n'komwe kuti ndi ndani, anamupatsa kansalu kopukutira makapu. Zimene anakambirana kukhitchiniko sindikudziwa, koma mayiyo anatuluka maso ali ofiira. Anati kompyuta ikhale kumwamba konko, anthu azikumana kumene amamasuka.

Tsopano mipando yatsopano ija ili pabalaza, amayi akulamula ngati kale, ndipo kudya kwabwerera pang'ono. Zimene ananena adokotala, amayi andiletsa kulemba, akuti muzigwira ntchito mtima uli m'malo. Ndiye sindilemba.

Perekani moni kwa alamu ndi ana. A Mkokomo akuti mukadali ndi manyazi aja? Amayinso akupereka moni. Loweruka lililonse poyala makapu amatulutsanso ija ya maluwa, yanu ija, koma salola munthu kumweramo. Wina akaigwira amati, "Isiye, mwini wake akubwera."

Chonde achemwali, musawasandutse abodza. Musadikire kuti mupeze kaye mphatso, bwerani chimanjamanja, ndipo musachedwe. Kapu ndi yotsukatsuka.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
uja mumamutcha Waphuma