Galimoto Khumi ndi Ziwiri Pamalo Amodzi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito pakampani ina yoperekera anthu maphukusi ku Kempton Park. Sindiyendetsa galimoto ayi. Ndimakhala pakompyuta n'kumaona pomwe galimoto zathu zili, poti iliyonse ili ndi kachipangizo koionetsa ngati kadontho pamapu. Wina akachedwa ndimamuimbira foni. Madalaivala amanditcha "Diso la Bwana", koma mongoseka.

Lachitatu lapitali nthawi ya nkhomaliro ndinaona timadontho khumi ndi tiwiri tikupatuka m'njira zake n'kukaunjikana ku Tembisa, kuseri kwa malo a mayi wina wophika matumbo. Timadonthoto tinakhala pamenepo mphindi makumi anayi. Ndinadziwiratu nkhani yake. Miyezi itatu tsopano madalaivala akhala akunong'onezana zolowa bungwe la anthu apantchito, chifukwa munthu mmodzi amasenzetsedwa maphukusi oposa zana patsiku, ndipo akapitirira nthawi yowerukira sapatsidwa kanthu. Azibambo a ndevu zawo, nkhaniyi anabisira ngakhale akazi awo, koma kumsonkhano wachinsinsi anapita pagalimoto zodziulula zokha.

Tsoka ilo, bwana wathu a Swanepoel anali ataima kumbuyo kwanga ndi kapu ya khofi. Anangoti, "Kodi kumeneko kwagwa maliro? Pofika Lolemba undipatse pepala la mayina onsewo." Potuluka anatembenuka nati, "Kontirakiti yako ikutha mu Juni, eti? Ine sindiiwala anthu okhulupirika."

Kadontho kamodzi pamenepo ndi malume anga a Rikhotso, amene anandipezera ntchitoyi mwamuna wanga atandisiya. Ayendetsa zaka khumi ndi zisanu, maondo anatha ndi masitepe a nyumba zosanja. Dzulo anandipeza pageti nati, "Iwe mwana wa mlongo wanga, wakwinyiranji nkhope ngati katoni yonyowa ndi mvula?" Ndinaseka, sindinawauze kanthu. Ndikuchita manyazi kwambiri.

Ndaganiza zofufuta zonse za Lachitatulo n'kunena kuti makina anasokonekera. Ndikuopa kuluza ntchito, ndikuopanso kugulitsa malume. Nditani?

N.B., Tembisa

Mayi N.B.,

Poyamba penipeni, chotsani chala pabatani lofufutiralo. Zimene mumaona pakompyuta yanu zimasungidwanso kwa amene anaika zipangizozo. Mukafufuta simupulumutsa munthu. Mungowapatsa a Swanepoel mlandu weniweni wokuchotserani, ndipo palibe amene angakuikireni kumbuyo.

Lamulo la ntchito m'dziko muno silipsatira mawu: kulowa bungwe ndi ufulu wa wantchito aliyense, ndipo kumuchotsa chifukwa cha zimenezo n'kuphwanya lamulo. Bwana wanu amadziwa izi kuposa inu. N'chifukwa chake m'kalata yoitanira malume anu kumlandu simudzapezekamo mawu oti bungwe. Adzalemba kuti anapatutsa galimoto ya kampani popanda chilolezo. Msampha uli pamenepo.

Ndiye mawa apempheni a Swanepoel mwaulemu kuti zimene akufunazo azilembe pa imelo, anenenso chifukwa chake. Inuyo lembani m'kabuku kanukanu tsiku, nthawi ndi mawu aja a kontirakiti, monga momwe anatulukira m'kamwa mwawo. Akakulemberani, lipoti perekani poti ndi ntchito yanu, koma likhale la mwezi wathunthu, galimoto zonse. Sindikukayika kuti lidzaonetsa madalaivala akupatuka tsiku ndi tsiku kukadya, popanda ndi mmodzi yemwe woitanidwa kumlandu. Chimene chinali chololedwa Lachiwiri chikasanduka mlandu Lachitatu, a CCMA, omwe amamva madandaulo a antchito, adzafuna kudziwa chimene chasintha. Wochotsedwa ali ndi masiku makumi atatu okha okadandaula kumeneko, asagone tulo.

Madalaivalawo amalize kusaina mafomu olowera bungwe msanga ndipo aitane mkulu wa bungwelo adzadziwike kukampani. Munthu wonong'ona yekha pakona savuta kumuthothola, koma khumi ndi awiri olembedwa m'kaundula wa bungwe ndi nkhani ina. Msonkhano wotsatira apite paminibasi, galimoto azisiye zigone kudepoti. Inunso sainani. Mpando wanu ndi wofewa, koma ndinu wolembedwa ntchito ngati iwo.

Sindikunamizani, Juni akhoza kukuvutani, ndipo kabuku kaja ndiko kadzakuyankhulireni. Musapereke pepala la kampani kwa aliyense wa madalaivalawo, pakamwa pokha pakwana.

Chenjezo langa nali. Mayinawo atuluka ndithu, kaya kudzera mwa inu kaya mwa wina, ndipo malume anu sadzakudani chifukwa chosindikiza pepala. Chimene chidzawabaye mumtima n'kumva kwa a Swanepoel kuti munadziwa kuyambira Lachitatu n'kungowasekerera pageti. Mukaweruka lero musapite kwanu, mukagogode kaye kwa malume.

Aphungu